Fulasiki Yasweka: Kodi Mwana Aphunzirapo Chiyani?

Ana amaswa, amataya, amang'amba. Ena timawakwapula, ena timangowagulira china. Koma ilipo njira ina yomwe imateteza katundu wa pakhomo, umoyo wa banja ndiponso mtima wa mwana.

Linali Lachinayi, tsiku lomwe mapemphero a mphakati anali kwathu. Mukudziwa amayi anzanga momwe zimakhalira tsiku lotere: mipando yobwereka, makapu obwereka, ngakhale mphasa yobwereka. Ine ndinabwereka fulasiki yaikulu kwa mayi oyandikana nawo nyumba, yomwe amagulitsiramo tiyi pamsika m'mawa uliwonse. Ndinaitsuka, ndinaiika patebulo, kenako ndinatuluka kukaona mbatata pamoto.

Nditabwera ndi ketulo, fulasiki inali pomwe ndinaisiya, yotseka bwinobwino. Koma poinyamula ndinamva m'kati mukulira ngati muli timiyala. Kutsegula, galasi lonse la m'kati linali litaphwanyika. Ndikanathira tiyi mothamanga osainyamula, alendo anga akanamwa tiyi wosakanikirana ndi tizidutswa ta galasi.

M'nyumbamo munali mwana mmodzi yekha, mtsikana wanga wa zaka 9. Ndinamupeza kuseri kwa khola la nkhuku atangoti ndwii. Anakana kawiri. Kachitatu anayamba kulira, n'kuulula kuti amafuna kuwongola nsalu ya patebulo kuti alendo apeze pooneka bwino, fulasiki n'kugwa. Anaitola, anaibwezera pamalo pake, n'kuthawa.

"Nanga bwanji sunandiuze?" ndinamufunsa.

"Ndimaopa, amayi. Tsiku lija la mbale munandimenya."

Mawuwo anandilasa mtima, poti zinali zoona. Masabata atatu m'mbuyomo ndinamukwapula ndi mthiko chifukwa cha mbale yagalasi yomwe inamupulumuka akutsuka. Ine ndinkati ndamuphunzitsa kusamala, pomwe iye anaphunzira kubisa. Ndipo kubisako kukanavulaza anthu omwe anabwera kudzapemphera m'nyumba mwanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa funso lomwe ndikufuna tiliganizire limodzi: mwana akawononga chinthu, kodi tikufuna atoleko chiyani pa nkhaniyo?

Njira ziwiri zomwe tinazolowera

Yoyamba ndi ndodo. Ambirife tinakula nayo, ndipo dzanja limangothamangira komweko, makamaka chowonongekacho chikakhala chodula kapena cha eni. Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana, yemwe anachitika m'dziko muno mu 2013, anapeza kuti atsikana awiri mwa asanu alionse komanso anyamata awiri mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza za pathupi asanakwanitse zaka 18. Nthawi ndi nthawi timamvanso pa wailesi za mwana yemwe watenthedwa manja chifukwa cha ndiwo kapena ndalama yochepa. Umenewo si mwambo, ndi mlandu. Woona zotere akanene ku polisi kapena kwa amfumu, kapenanso aimbe pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Ngakhale kukwapula komwe timati n'kwapang'ono kuli ndi zotsatira zake. Mwana wamantha saulula. Akang'amba neti, amatembenuzira pong'ambikapo kukhoma, udzudzu n'kumalowera pomwepo usiku uliwonse. Akataya buku la kuchipatala la mng'ono wake pochokera ku sikelo, amakhala chete mpaka tsiku lomwe mwanayo watentha thupi pakati pa usiku, inu n'kumasanthula nyumba yonse. Akagwetsera foni m'madzi, amaibwezera pansi pa pilo, pomwe akananena msanga mukanaizimitsa n'kuiumitsa, mwina n'kupulumuka. Zinthu zambiri zimakonzeka zikanenedwa nthawi yomweyo. Mantha ndiwo amakulitsa kabowo kukhala chibowo.

Njira yachiwiri ndi yofatsa, koma nayonso imasocheretsa. Mwana wataya juzi ya sukulu, mayi adandaula pang'ono, Loweruka akagula ina ku kaunjika. Wataya seti ya masamu, agula ina. Izi zimachitika kwambiri m'mabanja omwe ali ndi kangachepe, kwa ana oleredwa ndi agogo, ndiponso komwe bambo kapena mayi ali ku South Africa ndipo amatumiza katundu pofuna kutseka mpata wa kusowa kwawo pakhomo. Mwana wotere saona thukuta lomwe linakhetsedwa kuti chinthucho chipezeke. Kwa iye nsapato zimachokera m'jumbo. Akadzakula, ngongole adzaionanso chimodzimodzi: chinthu chomwe wina adzalipira.

Njira ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma zimakumana pamodzi: mwana sagwira nawo ntchito yokonza zomwe zawonongeka. Wokwapulidwa amati walipira kale ndi misozi. Woguliridwa china sadziwa n'komwe kuti panali cholipira.

Ngozi, kusasamala, kapena dala?

Katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, analemba mu 1932 za mafunso omwe ankafunsa ana. Ankawasimbira nkhani ziwiri. M'nkhani yoyamba, mwana waitanidwa kukadya. Potsegula chitseko wagunda thireyi yomwe samadziwa kuti ili kuseri kwake, makapu 15 n'kusweka. M'nkhani yachiwiri, mwana wakwera pampando amayi ake kulibe kuti atenge jamu m'kabati, n'kuswa kapu imodzi. Kenako ankawafunsa kuti wolakwa kwambiri ndani. Ana ang'onoang'ono ambiri ankaloza woswa makapu 15, poti wawononga zambiri. Okulirapo, a zaka ngati 9 kapena 10, ankayamba kuona kuti nkhani yagona pa zomwe mwanayo amafuna kuchita.

Chochititsa manyazi n'chakuti ife akuluakulu tikakwiya timaweruza ngati ana ang'onoang'ono aja. Chilango timachiyeza ndi mtengo wa chinthu, osati ndi mtima wa mwana. Mtsikana wanga anaswa fulasiki akufuna kundithandiza. Mlongo wake akaponya dala kapu yapulasitiki chifukwa chokwiya, ine sindinena kanthu poti sinasweke. Kodi pa awiriwa wofunika kudzudzulidwa ndani?

Choncho mtima ukatsika pansi, tisiyanitse zinthu zitatu. Ngozi imagwera aliyense, ngakhale inu ndi ine. Pamenepa choyamba n'kuona ngati mwana sanavulale, kenako athandize kutola ndi kusesa, ndipo mumuonetse kagwiridwe koyenera. Kusasamala ndi pamene mwana anauzidwa kangapo koma sanalabadire: wasiya makope panja mvula ikubwera, wasewerera mpira pafupi ndi windo la eni. Apa ayenera kumva kulemera kwake ndi kulipirako. Kuwononga dala ndi nkhani ina. Mwana yemwe wang'amba kope la mnzake kapena waswa chinthu chifukwa cha ukali ali ndi china mumtima: nsanje, kutonzedwa kusukulu, kapena mikangano ya pakhomo. Alipire ndithu, komanso mukhale naye pansi kuti mumve chomwe chikumudya.

Msinkhu nawo tiuganizire. Mwana wa zaka 3 manja ake sanakhwime, ndipo sadziwa kuti chosweka sichibwerera. Mpingo umaona kuti mwana amayamba kuzindikira chabwino ndi choipa akafika zaka ngati 7, ndipo n'chifukwa chake Papa Pius X mu 1910 analola ana a msinkhu umenewu kulandira Ukaristia koyamba. Ngati mwapatsa foni mwana wa zaka 3 kuti atonthole, iye n'kuiponya m'ndowa, mlandu si wake. Palinso zinthu zomwe siziyenera kufika m'manja mwa ana n'komwe: mankhwala a kuchipatala, parafini, machesi ndi mankhwala ophera tizilombo m'chimanga. Kusunga zimenezi patali ndi udindo wa akuluakulu.

Mtengo wa chinthu auone m'thukuta

Tikauza mwana wa sitandade 3 kuti nsapato zake ndi za K15,000, sitinamuuze kanthu. Nambala imeneyo kwa iye ikungofanana ndi K1,500 kapena K150,000. Chomwe amamva ndi ntchito yomwe amaiona ndi maso.

Tiyerekeze mayi wophika mandasi. Akachotsa za ufa, shuga, mafuta ndi nkhuni, tinene kuti amapindula K500 pa mandasi 10 alionse. Ndiye kuti nsapato za K15,000 ndi mandasi 300. Mwana yemwe amaona amayi ake akudzuka tambala woyamba kukanda ufa, yemwe amadziwa kuti beseni limodzi limalowa mandasi angati, akamva kuti nsapato zomwe wazisiya ku bwalo la mpira ndi mandasi 300, amazimvetsa. Mitengo imasiyana malo ndi malo, choncho inu muwerengere ndi yanu. Mlimi awerengere ndi ndowa za chimanga kapena mitolo ya masamba, wosoka awerengere ndi madiresi, wapantchito awerengere ndi masiku.

Masiku ano kuwerengera kotere n'kofunika kuposa kale. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Zinthu zambiri zomwe ana amawononga, monga foni, nyali ya sola, njinga, magalasi a maso ndi makakyuleta, zimachokera kunja. Chomwe munagula zaka zapitazo simungachipezenso pa mtengo womwewo. Ndipo ngati ndalama yogulira china ichokera ku banki m'khonde, pamabweranso chiwongoladzanja.

Njira yosavuta ndi kupita naye kumsika. Afunse yekha mtengo, agwire ndalama, awerengere chenji. Aonenso chomwe mwasiya kugula kuti mugule chakecho. Mukhoza kumuuza mofatsa kuti, "Lero tagula kope lina m'malo mwa lomwe linanyowa lija, ndiye shuga tigula wochepa." Uku si kumunyoza ayi, n'kumuonetsa momwe ndalama imayendera pakhomo.

Koma tisapyole muyeso. Mwana asasenzetsedwe umphawi wonse wa banja. Mawu ngati "ndiwe watisaukitsa" kapena "unabadwa ndi manja owononga" amakhala mumtima mpaka kukula. Tidzudzule chomwe wachita, osamupatsa dzina.

Mpatseni chake

Kwathu kuno zinthu zambiri ndi za tonse: beseni limodzi, chipeso chimodzi, bulangete la ana atatu. Kugawana ndi chuma chathu ndipo tisakutaye. Komabe mwana yemwe alibe kanthu komwe angati n'kake amavutika kuphunzira kusamala, poti chilichonse chikatayika amati wina ndiye anachigwira komaliza.

Taonani momwe mnyamata amasamalira galimoto yake ya mawaya. Waya anafuna yekha, matayala anadula yekha, ndipo usiku amaibisa pomwe mng'ono wake sangafike. Ikapindika amaiwongola, salira kuti mumugulire ina. Mnyamata yemweyo ndi amene amataya mapensulo atatu pa mwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa galimotoyo pali thukuta lake.

Makolo athu ankazidziwa izi. Agogo ankapatsa mdzukulu kamsoti kuti kakhale kake, kapena kumudulira kandime kumapeto kwa munda. Nkhuku ndi mphunzitsi wabwino. Imafuna kutsekeredwa madzulo aliwonse, imafuna madzi ndi gaga, imafuna katemera wa chitopa wodontheza m'maso uja. Ikafungatira, mwana amadikira masiku 21 kuti aone anapiye. Akaiwala kutseka khola, zotsatira zake amaziona m'mawa popanda womukalipira. Akasamala, amakhala ndi mazira ndi anapiye omwe angagulitse.

Dokotala wa ku Italy, Maria Montessori, yemwe anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la anthu osauka mumzinda wa Rome mu 1907, ankapatsa dala ana makapu ndi mbale zotha kusweka. Maganizo ake anali akuti mwana yemwe amangogwira zosasweka saphunzira kugwira mosamala. Kapu ikasweka, iyo yokha yamuphunzitsa. Makolo athu ananenanso chimodzimodzi: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Zotsatira zing'onozing'ono, zomwe sizivulaza, tizilole zimufike. Wataya pensulo yatsopano Lolemba? Alembere kachidutswa kakale mpaka Lachisanu.

Udindo uzikula pamodzi ndi mwana. Wa zaka 3 mpaka 6 akhoza kubwezera kapu yake pamalo pake ndi kuika nsapato zake pakona imodzimodzi tsiku lililonse. Wa zaka 7 mpaka 11 akute makope ake, alembe dzina pa juzi ndi chikwama, aone m'chikwama madzulo aliwonse ngati zonse zilimo, achape yunifolomu, ndipo m'mawa akwezere neti yake m'mwamba. Wa zaka 12 kupita m'tsogolo aphunzire kumata chubu, kuthira mafuta pa tcheni cha njinga, kusoka batani ndi zigamba. Wopita ku sukulu yogonera komweko alembe yekha mndandanda wa zonse zomwe zalowa m'sutikesi, ndipo potsekera muuwerengere limodzi.

Chinthu china chomwe timaiwala ndi malo. Sitingakalipire mwana kuti wataya kope pomwe m'nyumba mulibe poika makope. Msomali umodzi kukhoma wopachikapo chikwama, ndi katoni imodzi ya mwana aliyense, zimachepetsa mikangano yambiri ya m'mawa.

Chikawonongeka, tichite chiyani?

Choyamba ndi choonadi, ndipo choonadi chimafuna kuti mwana asaope kubwera kwa inu. M'mbiri ya moyo wa Don Bosco, yemwe anabadwa mu 1815 pafupi ndi mzinda wa Turin ku Italy, muli nkhani yomwe imandikhudza. Bambo ake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo amayi ake, a Margherita Occhiena, analera ana okha mu umphawi. Tsiku lina amayiwo atachoka, mwanayo, ali ndi zaka ngati 8, anakwera pampando kuti atenge chinthu pamwamba, n'kugwetsa botolo la mafuta. Linasweka, mafuta n'kutayika. Ataona kuti sangabise, anadula kamtengo, anakasenda bwinobwino, n'kupita kukachingamira amayi ake panjira. Anawauza zomwe zachitika, n'kuwapatsa kamtengoko kuti amukwapulire. Amayiwo sanamumenye. Anamukhululukira poona kuti wanena zoona, ndipo anamulangiza kuti aziyamba waganiza asanachite chinthu. Mwana ameneyu atakula analera anyamata ambirimbiri a m'misewu, ndipo ankaletsa aphunzitsi ake kumenya ana.

Ikani lamulo pakhomo, ndipo ana onse alidziwe: wobwera yekha kudzanena sakwapulidwa. Mukalonjeza, musunge, ngakhale chosweka chikhale chomwe mumachikonda. Ngati mkwiyo wakwera, tulukani kaye, mukamwe madzi, nkhani muikambe madzulo. Madzi akatayika saoleka, ndipo kukuwa sikulumikiza mbale.

Chachiwiri ndi kupepesa maso ndi maso. Ngati chinthu ndi cha eni, musapite nokha kukakonza nkhani mwana ali kumasewera. Mupite naye, inu muime pambali pake, koma mawu atuluke pakamwa pake. N'zochititsa manyazi, inde, koma manyazi a mphindi zisanu amenewa amaphunzitsa kuposa ndodo.

Chachitatu ndi kukonza kapena kulipirako. Tonse timakumbukira kuti Zakeyo sanangomva chisoni, analonjezanso kubweza zomwe anatenga. Kupepesa kopanda kubweza n'kosakwanira. Chotheka kukonzeka, mwana akonze nawo: asoke, amate, achape, aperekeze njinga kwa okonza n'kuona ntchito yake. Chofunika kugula, aperekeko gawo lomwe angathe: mazira a nkhuku yake, ndalama yomwe amalume anamupatsa, kapena ntchito yapadera ya pakhomo yomwe mwagwirizana, yokhala ndi poyambira ndi pothera. Sikuti abweze mtengo wonse ayi. Cholinga n'chakuti amve kuti dzanja lake lathandiza kubwezeretsa.

Apa pali malire omwe tisawadumphe. Mwana asamanidwe chakudya. Asajombetsedwe kusukulu kuti akagulitse malonda. Asatumizidwe ku ganyu kwa eni chinthu kuti akagwire ntchito ya munthu wamkulu. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Ndipo chinthu chokhudza umoyo kapena maphunziro ake, monga magalasi a maso, neti kapena kope la mayeso, chibwezeretsedwe msanga, zolipirako zikambidwe pambuyo.

Chachinayi ndi kutseka nkhani. Akamaliza gawo lake, muyamikeni, ndipo mlanduwo uthe. Osamadzamukumbutsa chaka chamawa pamaso pa alendo. Mwana akaona kuti cholakwa chimatha chikakonzedwa, adzabweranso kwa inu ndi zolakwa zazikulu za unyamata, zomwe n'zoposa fulasiki.

Za tonse zili ndi mwini

Mwana yemwe waphunzira kusamala chake afunika kupita patsogolo, aphunzire kusamala cha mudzi. Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza kwambiri umoyo ndi chitukuko.

Tatengani mjigo. Ana amakonda kulendewera pa chogwirira chake, kuchimenyetsa pansi popopa mothamanga, kapena kuponya timiyala m'mpopi. Zimenezi zimatha msanga marabala ndi tizipangizo ta m'kati. Mjigo ukafa, komiti imayamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama, ndipo podikira amayi amabwerera kumtsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa. Sitinaiwale kolera yomwe inayamba mu 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Tsiku lomwe mukupereka ndalama ya mjigo, mutume mwana akapereke ndi kuona dzina la banja likulembedwa m'kaundula. Tsiku lomwe okonza atsegula mjigo, ana aime pafupi aone zomwe zatha. Woona m'kati mwa mjigo salendeweranso pa chogwirira.

Chimodzimodzi neti. Maneti onyikidwa m'mankhwala omwe timalandira anapangidwa kuti akhale zaka ngati zitatu, koma ambiri amawonongeka msanga chifukwa chokokedwa, kuseweretsedwa ndi kusiyidwa ali chitsitsire usana wonse. Ena amathera ku magoli a mpira kapena kokokera matemba. Mwana auzidwe momveka kuti bowo la neti ndi khomo la malungo, ndipo malungo amapha kwambiri ana osakwana zaka 5, ang'ono ake omwe. Kabowo kakaoneka kasokedwe tsiku lomwelo. Mwana wa zaka 8 akhoza kugwira singano inu mukuyang'anira.

Kusukulu nako, chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kwambiri, ndipo m'makalasi ambiri buku limodzi amawerenga ana angapo. Mwana akang'amba tsamba kuti akulungire zitumbuwa, walanda phunziro anzake a chaka chino ndi a chaka chamawa. Mawu oti "n'za boma" tiwachotse pakamwa pathu, chifukwa ana amawatola kwa ife.

Muyeso ukhale umodzi

Tinene zoona amayi anzanga: amene amatsuka mbale ndiye amaswa mbale. M'makomo ambiri atsikana ndiwo amakalipiridwa kawirikawiri, osati chifukwa ndi osasamala, koma chifukwa ntchito zonse zogwira zosweka zili m'manja mwawo. Mnyamata akathyola sipoko za njinga timangoti ndi mwamuna. Tikatero tikulera mwamuna yemwe adzayembekeza kuti mkazi wake azitola zomwe iye wamwaza. Anyamata nawo atsuke, asoke, alipireko.

Tiganizirenso mwana wamasiye yemwe tikumulera, mwana wopeza, ndi mtsikana wotithandiza ntchito pakhomo. Kapu ikasweka m'manja mwa wobereka tokha timati ndi ngozi, koma ikasweka m'manja mwa enawa timati ndi mwano, mwina mpaka kudula malipiro. Ana amaona zonsezi, ndipo amaphunzirapo kuti mlandu umatsata wopanda womuyankhulira. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo ife eni? Tikabwereka poto wa mnzathu n'kumubweza wopanda chogwirira osanena kanthu, ana amaona. Tikaswa tokha kapu n'kunamizira mphaka, amaonanso. Tsiku lomwe mayi anena pamaso pa ana kuti, "Ndapsereza diresi la anzanga posita, ndikupita kukawauza," waphunzitsa zambiri kuposa ulaliki wa mwezi wathunthu.

M'magulu athu a amayi tikhoza kuthandizana. Bwanji Loweruka lina tisonkhane pa tchalitchi ndi ana athu, aliyense atanyamula neti yobooka, yunifolomu yong'ambika, chikwama chothothoka lamba, singano ndi ulusi? Amayi odziwa kusoka aphunzitse ana, anyamata ndi atsikana omwe. Sipafunika thandizo lochokera kunja kuti zimenezi zitheke.

Mmene nkhani ya fulasiki inathera

Madzulo a tsiku lomwelo, alendo atapita, ndinayamba ndine kupepesa mwana wanga chifukwa cha tsiku la mbale lija. Kenako ndinamuuza kuti kugwetsa fulasiki inali ngozi, koma kuibwezera patebulo osanena kukanavulaza anthu. Ndinamuonetsa tizidutswa ta galasi m'dzanja langa. Sanayankhe, anangoyang'ana.

Tinapita limodzi kwa eni fulasiki. Panjira anandigwira chitenje ngati kamwana. Titafika anagwada, mawu akunjenjemera: "Amayi, ndaswa fulasiki yanu. Pepani."

Mayiwo, poti ndi munthu wachifundo, anati tizisiye, ndi mwana. Ndinawapempha kuti asatero. Fulasikiyo inali ya malonda, ndipo m'mawa mwake akanalephera kugulitsa tiyi. Tinagwirizana kuti ndiwabwereke kafulasiki kathu kakang'ono kuti malonda asaime, ndipo Loweruka tikagule galasi lina la m'kati, poti chikopa chake chakunja chinali chabwinobwino. Ndalama yambiri ndinapereka ndine. Mwanayo anali ndi nkhuku yomwe agogo ake anamupatsa, ndipo anagulitsa mazira asanu ndi limodzi omwe amasungira kuti afungatiridwe. Zinamupweteka, ndinaona. Kumsika anafunsa yekha mtengo, ndipo pobwerera ananyamula galasilo ndi manja awiri, akuyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Papita miyezi tsopano. Sindinganame kuti sanaswenso kanthu. Sabata yatha ndikuphika, anabwera kukhitchini atanyamula neti yake.

"Amayi, ndaikola ndi msomali, yabooka apa. Singano ili kuti?"

Ndinamulozera pomwe timasunga singano, ine n'kupitiriza kuvundula nsima.